Tinkamulondera Mng'ono Wanga

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, mng'ono wanga anatenga mimba akadali pa sukulu. Mwini mimbayo anali msodzi. Madzi atathawa nayenso anathawa, ndipo mpaka pano sitidziwa kumene akuwedza. Mphepo ya chaka chimenecho inkabwera ndi fungo la matope ovunda ndi fumbi lolowa m'mano.

Mtsikanayo anali womvera mopitirira muyezo. Azakhali athu atamulangiza, anasunga zonse: osadya mazira, osaima pakhomo, osavala mkanda m'khosi. Lamulo lalikulu linali lakuti za m'mimba sazitchula. Mwana wosabadwa samugulira malaya, samupatsa dzina, samukamba pagulu, kuopa kuti oipa mtima angamve.

Ku sikelo ndinamuperekeza ndine. Tsiku limenelo kunabwera mayi wina wa m'tauni, wa mawu okoma, amene ankacheza ndi atsikana oyembekezera pofuna kudziwa ngati mitima yawo ili pa ana awo. Ine ndinaseka chamumtima: chikondi nachonso ayamba kuchiyeza ngati mpunga?

"Umalankhula naye mwanayo?" anafunsa mayiyo.

"Ayi."

"Wamukonzerako kanthu? Kansalu kapena kachipewa?"

"Ayi, mayi."

"Nanga umaganizako kuti adzafanana ndi ndani?"

Mng'ono wanga anangoyang'ana zala zake zakumapazi. Pa benchi panali anthu, akanayankha bwanji?

Potuluka mayiyo anandikokera pambali. Sanalankhule mwankhanza ayi. Anati, "Mtima wake suli pa mwanayu. Muzimuyang'anira, atsikana otere nthawi zina amachita zoopsa." Tsoka ilo, pamzere panali mayi wa m'mudzi mwathu, khutu lili tcheru. Mawuwo anafika kwathu ife tisanafike.

Kulondera kunayamba pomwepo. Amayi anabisa mankhwala opopera mpunga. Mng'ono wanga akapita kuchimbudzi, azakhali ankaima panja ngati akuthyola masamba. Akamwa madzi, wina ankanunkhiza chikho. Azakhali omwewo amene anamuuza kuti atseke pakamwa ndiwo ankati, "Mwana uyu ziii wakeyu akutiopsa." Ndinakangana nawo mpaka mawu kusasa, koma ankangoti ndine mwana, sindinaone zinthu.

Ine ndinkaona zanga. Mng'ono wanga akamasinja, ankaima mwadzidzidzi, dzanja pamimba, n'kumwetulira chobisa ngati munthu amene wapatsidwa moni ndi mnzake wapamtima. Akaona kuti wina akumuyang'ana, ankatola munsi msangamsanga.

Kenaka kumwetulira kuja kunatha. Ankakhala pa khonde osagwedezeka, mutu uli chopendekeka, ngati akumvetsera chinachake chakutali. Ankamwa madzi ozizira a mumtsuko n'kudikira. Ankadina mimba ndi chala n'kudikiranso. Chakudya ankangochigwiragwira. Ndinachita mantha osadziwa chimene ndikuopa, ndipo amayi anaonjezera ulonda.

Tsiku lina masana ndinamutenga kumunda wathu wa mpunga ku Likangala, kuti apume maso a anthu. Nthaka inali itang'ambika ming'alu yolowa phazi. Tili awiriwiri pa mzere, anandigwira nsalu.

"Achemwali, sakusuntha."

"Kuyambira liti?"

"Papita masiku."

"Nanga osanena bwanji, iwe?"

"Ndikanena adzati ndamwa mankhwala."

Khasu ndinalisiya pomwepo. Tinapeza wakabaza pamsewu, iye anakwera, ine ndikuthamanga pambuyo m'fumbi. Kuchipatala anamwino anaika kachitsulo komverera pamimba, nasuntha, nasunthanso. Anaitana mnzawo. Nayenso anamvetsera nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine osati woyembekezerayo. Mng'ono wanga anandifinya dzanja nati, "Mukawauze amayi kuti sindinamwe kanthu."

Mwanayo anabadwa atafa kale, wamkazi, wa tsitsi lambiri. Anamwino anati sanaone chizindikiro cha mankhwala alionse, ndipo anaonjeza motsitsa mawu kuti tikanabwera msanga mwina zikanakhala zina. Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero.

Kwathu mwana wotere amatchedwa mtayo. Amakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, m'dzenje losaya m'mbali mwa manda. Palibe nyimbo, palibe maliro. Tisananyamuke, azakhali anagwada pamaso pa mng'ono wanga n'kumuuza kuti, "Usalire. Ukalira mtayo sudzaberekanso."

Anamvera. Ndinaima pafupi naye ndipo ndinaona mmene analumira nsonga ya chitenje, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Dothi linathiridwa, iye osatulutsa mawu.

Pobwerera tinkayenda pang'onopang'ono chifukwa anali wofooka. Kumbuyo kwathu amayi awiri ankanong'onezana, koma mphepo inkachokera kwa iwo, ndipo tonse awiri tinamva.

"Mwaona? Ngakhale msozi umodzi."