Makala Otsala M'simbi ya Atate

Ndikukumbukira fungo, anzanga, fungo ndilo limayamba kufika. Fungo la nsalu yonyowa ikakumana ndi chitsulo chamoto, tsiii! Ndikalimva lero lino, ndi imvi zangazi, miyendo imafuna kuvina pomwe mtima ukulira. Ine ndine wachimwemwe, ee, amene timapemphera limodzi mukudziwa kuti nthungululu imayambira pakamwa panga. Koma iyi ndi nkhani ya chaka chimene nyimbo inandithera.

Atate anali dobi ku Namitete, zaka zija anyamata asanayambe kutengedwa kupita ku usilikali wa Keyala. Mmwenye wina anamanga chisakasa kuseri kwa sitolo yake, chakumtsinje, ndipo nyengo ya msika wa fodya ikafika, zovala zinkabwera mitolomitolo: masuti oyera a azungu ogula fodya, malaya a makalaliki awo, makabudula akaki a amesinjala. Ochapa anali ena, ankamenya zovala pamwala kumadzi. Atate anali a simbi. Chovala chinkafika kwa iwo chitauma gwa ndi sitachi ya chinangwa, chokwinyika ngati tsamba la fodya, nkuchoka chili see, chopindidwa, ngati sichinamuonepo munthu.

Simbiyo inali ya Mmwenye. Yakuda, yolemera ngati khanda, ili ndi katambala kachitsulo pamwamba kotsekera makala. Makalawo ndiwo anali anga. Ndinkasankha a muwanga, osathetheka, ndinkauzira mpaka masaya kuwawa, phulusa lili mbuu m'nsidze. Atate ankalavulira pachala nkukhudza kunsi kwa simbi, ikati tsi, ndiye kuti yapsa. Kenako ankamwa madzi osameza, nkuwapemerera pamalaya, psuu, ngati kamvula kowaza. Moto ukafooka ankaizunguza simbi m'mwamba uku ndi uku, ine ndikuyimbira, "Tsiii simbi, tsiii, yenda simbi, yenda!" Iwo ankati, "Agata, yimba koma maso pa phulusa." Chovala chilichonse ankachitembenuza nkusita ndi m'misoko momwe, chifukwa mmenemo ndimo ntchentche ina imabisa mazira amene amasanduka mphutsi m'khungu la munthu. Koma iwo eni ankavala malaya azigamba, simbi sinawakhudzepo. Simbi ya Mmwenye sinali yoyenda pa nsanza zathu.

Dzinja la chaka chimenecho amayi anamwalira pobereka, anapita ndi khanda lomwe. Ndinatsala ndekha, pakuti abale anga obadwa nawo onse anapita ali aang'ono. Tsono atate anali mkamwini. Nyumba, munda, nkhokwe, zonse zinali pamudzi pa amayi. Kwawo kwa atate kunali kutali, kupitirira Nambuma. Amayi analibe mng'ono woti alowe m'nyumba, ndiye akuluakulu anati tikakolola, msika ukamatseka, atate adzasudzulidwa, ndiko kumasulidwa kuti abwerere kwawo. Mkamwini amapita ndi khasu lake ndi mphasa yake. Mwana amatsala. Ngakhale mwana wosadziwa kumanga nsalu ankadziwa zimenezo. Koma atate anali ndi pempho limodzi lokha, lakuti apite nane.

Woyankha pempholo anali atsibweni anga a Lazaro, alongo awo a amayi, eni mbumba. Musawaganizire nkhanza, ayi. Anali munthu woseka, wondinyamula pakhosi, wondisendera nzimbe. Matenda awo anali jekete. Analitenga ku Halale kumene anakagwira ntchito m'minda ya azungu, jekete laubweya lofiirira, ndipo ankalivala ngakhale mwezi wa dzuwa loswa mtengo, thukuta lili noninoni, iwo akuyenda ngati bwanamkubwa.

Litatsala tsiku limodzi kuti mwambo uchitike, tinangomva, "Odi kuno, alamu!" Atsibweni aima pakhomo pa chisakasa, jekete lili m'khwapa, maso ali pa zala zakumiyendo.

"Mawa kubwera abale anu, eti? Ndiye ndati ndisaoneke ngati ndagona m'nkhokwe. Ndalankhula naye kale Mmwenye."

Atate analilandira ndi manja awiri. "Pitani, alamu. Mudzalipeza likuyenda lokha."

Atangokhota pa sitolo, ine ndinawakoka atate malaya. "Atate, liwotcheni. Ingoisiyani simbi pamsana pakepo, ine ndiyang'ana kumbali."

Anaseka, ee, anaseka atate, kuseka kwawo koyamba chiikireni maliro. "Iwe mwana! Tsono mawa ndikapemphe mwana kwa munthu wa chibowo kumsana? Uzira moto. Munthu akavala bwino mtima umafewa."

Sindinaonepo chovala chikusitidwa ngati tsiku limenelo. Ubweya sufuna simbi yamaliseche, umanyezimira nkufa, ndiye anayala kansalu konyowa pamwamba, tsiii, nthunzi tolo, fungo la nkhosa ndi la thukuta la ku Halale nkudzaza chisakasa chonse. Mapewa anawasitira pa chibakera chawo atachikulunga m'thawulo. Kolala anaigoneka pang'onopang'ono ngati akugoneka mwana wodwala. Batani limodzi linkalendewera, analisoka. Anatembenuza jekete lonse nkuyendetsa simbi m'misoko, kuti munthu wokawalanda mwana asadzatuluke mphutsi. Ine sindinayimbe. Ndinkangouzira, misozi ikugwera pa makala, nayonso ikuti tsi.

Atalipachika, anatsegula katambala kaja nkuyang'ana m'kati. Makala anali atatsala pang'ono, ofiira bwino. Anasuzumira kusitolo, Mmwenye anali atalowa kukadya.

"Thamanga kumtsinje, ukachape kadiresi kako. Ufinye kwambiri."

Diresi ndinali nalo limodzi, la nsalu ya biriwita, limene amayi anandisokera chaka chapitacho pa Pasaka. Ndinabwera nalo lonyowa, ine nditafunda chiguduli, ndipo atate analiviika m'madzi a sitachi otsalira a azungu, nkuliyanika pa udzu, dzuwa nkulimwa msangamsanga. Kenako simbi ya masuti oyera inayenda pa diresi la Agata! Anakonza timapinda m'chiuno, timene ine sindinkadziwa kuti tilipo. Anawongola mpendero. Atalipinda anandipatsa m'manja likadali lofunda, ndipo ndinaliika patsaya.

"Mawa udzaime pafupi ndi ine uli see," anatero. "Aone okha kuti mwanayu kwa atate ake sangavutike."

Kutacha ndinalivala. Linkalira khwakhwa ndikamayenda, linkandikanda m'khwapa, koma ndani akanandivula? Anthu anasonkhana pabwalo la nyumba yathu, amuna uko, amayi uku, abale awo a atate atakhala paokha ndi fumbi la ku Nambuma kumapazi. Aliyense anakhala pansi, ine ndekha chiimire ngati mtengo wa mbendera, kuopa kukwinya ntchito ya atate. Atsibweni anatulukira ndi jekete lawo, ndipo ngakhale panali pa mwambo wa maliro, wina analephera kudzigwira, anati, "Ee, a Lazaro, kodi mwalowa ubwana?"

Akuluakulu anayamika atate kuti anali mkamwini wolima, wosamenya, wosatukwana. Anati amasuka, akhoza kukakwatira kwina. Pamenepo atate anagwada, anawomba m'manja, nkupempha. Mawu awo anali ochepa. Anati, "Ndasiya mkazi m'dothi lanu, ndasiya ndi khanda. Ndipatseniko uyu yekha. Taonani mmene ndimamusungira."

Anthu onse anatembenuka kundiona. Ndipo anandionadi, anzanga, anandiona! Masiku onse ndinali kamwana kaphulusa kothamangira kuchisakasa, palibe ankandiyang'ana kawiri. Lero ndaima, diresi lagwira m'chiuno, mapewa awongoka. Ndinamva amayi ena achikulire, akulu awo a agogo anga, akuti, "Kodi Agata wakula chonchi? Taonani msinkhu! Uyutu posachedwa atha msinkhu. Uyu ndiye adzadzutse nyumba ya amake." Amayi onse anavomera, "Eee, ndi yemweyu, ndi yemweyu."

Ndinaona nkhope ya atate ikugwa. Anazindikira iwo ine ndisanazindikire. Atate akanandisiya ndi phulusa langa, kapena abale a amayi akanati katengeni, kakutopetsani nokha. Koma anandisita, anandiwalitsa, mbumba nkuona chuma chake.

Atsibweni anaimirira. Thukuta linkatsika, dzanja likusisita batani lija losokedwa dzulo. "Alamu," anatero, "mlongo wanga wasiya mbewu imodzi yokha. Ndikakupatsani, dzina lake latha pamudzi pano. Ndikhululukireni." Ndipo analira, munthu wamkulu, misozi ikudontha pa kolala yosita bwino ija.

Atate ananyamuka tsiku lomwelo ndi abale awo, khasu paphewa, mphasa kumutu. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu wa ku Fort Manning. Anandigwira pamutu, osati pa diresi, nkunena kuti, "Msika ukadzatsegulidwa ndidzabwera. Makala udzasankhe a muwanga." Msika unatsegulidwa, ndinathamanga kuchisakasa, ndinapeza pa simbi paima munthu wina, wa mwana wake womuuzirira moto. Tinadzamva kuti atate anatsata anzawo ku Halale. Sanabwerenso.

Diresi lija ndinalivula madzulo omwewo nkulipinda motsata mizere ya atate. Atsibweni analiika m'bokosi lawo lachitsulo, pamwamba pa jekete. Jeketelo sanalivalenso, ngakhale pa Khirisimasi. Anthu akawafunsa ankati lawachepera. Anandilera bwino, sindinama, ndipo nyumba ya amayi ndinaidzutsadi: ana, zidzukulu, zidzukulutudzi, bwalo lonse ili ndi langa, alululu! Koma tsiku limene ndinatsegula bokosi lija nditakula, diresi silinalowe ndi mkono womwe. Mizere yokha inalipo, yowongoka, ngati asita dzulo.

Lero zinthu zinasintha. Simbi ndi yamagetsi, yopepuka ngati chikho, imalavula yokha madzi. Ana a masiku ano amayi awo akamwalira, ena amapita ndi atate awo, anthu nkukambirana bwinobwino, wina osagwada. Mdzukulu wanga akamasita zovala za kutchalitchi sasita m'misoko, ndikamuuza za mphutsi amati, "Agogo, zimenezo ndi zakale." Ndimamusiya. Ndimangokhala pafupi, ndikuyimba pansipansi, tsiii simbi, yenda simbi, ndipo akamaliza bulauzi langa ndimatambasula manja awiri.

"Usalipachike, mwanawe. Ndipatse likadali lofunda."