Dothi la Manda a ku Chinde

Sukulu ya mishoni ndinaisiya nditatopa ndi zikoti, choncho pamudzi wopanda chochita ndinali ine. Ndiye anatuma ine. Achimwene anga anafera ku Chinde, doko la kunyanja yamchere, kumene ankasenza katundu wa m'sitima, ndipo anzawo anawaika komweko. Amayi anasiya kudya. Ankati mwana wawo akungozungulira kuchilendo, sagona mpaka dothi la pamanda ake lifike kwathu.

Ndinakwera sitima ya pamtsinje pa Chiromo, njira yonse ndikuponya nkhuni m'ng'anjo ya sitimayo kuti ndilipirire ulendo.

Anthu amatama Chinde. Ndinaona masitolo a Amwenye, mitengo ya ngole, ndi chisitima chonga phiri chitaima patali. Koma zonsezo zakhala pamchenga. Nyumba ina yamalata inali itagwada m'madzi, chitseko chake chikutseguka ndi kutsekeka chokha.

Anzawo aja anandiuza kuti manda ali kuseri kwa ngole zitatu. Ndinapeza imodzi, mizu ili pamtunda, mafunde akuinyambita. Pansi pake msodzi wachisena ankasoka ukonde.

"Bambo, manda a anthu akumtunda ali pati?"

Analoza m'madzi ndi mlomo.

"Nanga madziwa aphwa mwezi uti?" Ndinkaganiza za Shire wathu, amene akalanda dimba amabweza chilimwe.

"Iwe wakumtsinje iwe! Mwezi? Aphwa masana ano. Khala pansi uone."

Ndinakhala. Dzuwa lili paliwombo nyanja inayamba kubwerera m'mbuyo, popanda mphepo, ngati yaitanidwa. Panatsala timilu tisanu ndi tiwiri, mphasa zowola zikusuzumira m'mbali, nkhanu zikulowa ndi kutuluka. Panalibe mtanda, panalibe chizindikiro. Ndinayenda pakati pake ndikuitana achimwene ndi dzina lawo, dzina limene chibadwire ndinali ndisanalitchulepo. Timabowo ta mumchenga tinkangotulutsa thovu.

"Fulumira, akubwera!" anakuwa msodzi uja.

Sindinafunse kuti ndani. Ndinatapa dzanja limodzi pa mulu uliwonse, n'kumanga zonse mu nsalu imodzi. Pokwera kumtunda madzi anali atandigwira kale m'mawondo.

Kwathu amayi analandira kamtoloko ndi manja awiri. Amalume anakathira mchengawo kumanda a mtundu wathu, ndipo tsiku lomwelo amayi anapempha phala. Anadya, anagona tulo.

Sindinawauze kuti ndabwera ndi anthu angati.