Chaka chimene mkodzo unawatsekera agogo ako

Lemba kuti agogo ako aamuna sanadwale mwadzidzidzi ayi. Zinayamba pang'onopang'ono. Tikamapita kudimba ankapatuka katatu, kanayi, kanjira kakafupi komweka. Ine n'kuima ndi khasu kudikira, iwo ali chilili kuseri kwa nandolo, pobwera akuti angodontheza timadontho tiwiri. Ndinkawaseka. Ndinkati, "Bambo, mukuthirira nandolo wa eni ake, adzakugawirani?" Iwo amangoti, "Iwe tiye."

Tsiku lina mkodzo unangotsekeka. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, pamimba apa pali gwa ngati dzungu. Tinawakweza pa kabaza mpaka kuchipatala chaching'ono cha ku Milepa, kumeneko n'kutitumiza kuchipatala chachikulu. Anawalowetsa kapaipi kumaliseche, mkodzo n'kudzaza thumba. Adokotala anajambula papepala ine ndili pomwepo. Akuti mwamuna aliyense ali ndi kanyama pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo ngati mkanda pa ulusi. Akamakalamba kanyamako kamakula n'kufinya njirayo. Akuti si zotengera kwa mkazi, ndi ukalamba basi. Paipiyo tizikasinthitsa mwezi ndi mwezi podikira opaleshoni. Agogo ako anamva zonsezo ndi makutu awo.

Thumbalo ndinalisokera kansalu, ankamangirira pantchafu m'kati mwa buluku. Wokhuthula ndinali ine. Fungo ndinalizolowera sabata imodzi.

Ndiye kunabwera alongo awo awiri kuchokera kwawo ku Nchema. Paja agogo ako kuno anali mkamwini, mudzi uno ndi wathu ife. Ndinawayalira mphasa, madzi anakana. Wamkuluyo anati, "Alamu, tisabisane. Mwamuna satsekeka chabe. Mwayenda ndi wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo. Mwamudula mlongo wathu."

Ndinati, "Ine? Ndi mano atatu awa? Amene wandifunayo ndiye mukamutengere kuchipatala msanga."

Sanaseke.

Ndinatembenukira kwa agogo ako. "Bambo, auzeni zimene ananena adokotala."

Anangoyang'ana zala za kumapazi. Iwe ndiwe wa kusukulu sungazimve, koma mwamuna wa nthawi yathu satchula za kumusi kwake pamaso pa alongo ake. Bola kufa. Ndinalowa m'nyumba kukatenga pepala lija. Wamng'onoyo anabisa nkhope ndi chitenje, akuti, "Tione maliseche a mlongo wathu ife? Alamu, manyazi anakutherani eti?" Ankhoswe athu onse anali atamwalira kale, woti n'kutiweruza panalibe.

Alongowo anati akuwatenga, asadyenso za m'manja mwanga. Ndikuwalongedzera malaya m'jumbo, agogo ako anabwera pakhomo la kuchipinda nati, "Ndipite masabata awiri, mitima yawo izizire." Ndinati, "Nanga paipi?" Anati, "Ndikaona konko." Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Ndinauza wamkulu uja kuti mwezi ukaoneka apite nawo kuchipatala. Anayankha kuti mankhwala a mdulo amawadziwa okha.

Ndinapitako kawiri, wapansi. Ulendo woyamba ndinanyamula nyemba zophika, anazilandira n'kupatsa agalu ine ndikuona. Anandikhazika pakhonde, agogo ako pampando uko, mlongo wawo pakati. Tinakamba za mvula. Ulendo wachiwiri ndinaona thumba likusuzumira kumwendo wa buluku, mkodzo wake woderako ngati thobwa. Paipi inali yomwe ija. Kuti auze alongo awo ankalephera, alongowo kuti afunse ankalephera. Ndinanena mokweza kuti paipiyo yapitirira nthawi. Alongowo anati ndizipita dzuwa lisanalowe, ndipo ndinapitadi. Mpaka pano sindidziwa kuti miyendo inanyamuka bwanji.

Mwezi wachitatu ali konko, agogo ako anayamba kutentha thupi ndi kubwebweta. Pomafika nawo kuchipatala akuti matenda anali atakwera ndi paipi mpaka ku impso. Uthenga unandipeza ndikupalira. Ndinamaliza kaye mzere umene ndinali.

Anawaika konko ku Nchema. Pamaliro sanandilole kukhudza mphika uliwonse, ndinakhala ndi azimayi akwaya a mudzi wina, osandidziwa. Mmodzi anandifunsa kuti malemuwa ndi ndani wanu. Ndinati amuna anga. Anati pepani, n'kusendeza mwendo kuti ndikhale bwino. Misozi sinabwere. Ndinkangoona anthu akudutsa ndi mbale.