Mbale ya Apongozi pa Chitsa

Anabwela Lachiwili m'mamawa, nthawi yokolola, ndikutema nsungwi za nkhokwe. Msilikali wamtali anangoti, "Bambo, siyani nkhwangwa. Tikafunsane pang'ono, mubwela lelo lomwe." Ndinabwela mvula itagwa kale.

Zaka zimenezo nkhondo ya ku Mozambiki inkasefukila kwathu ku Kaumbwe. Zigawenga zinkadumpha malile, kuba ng'ombe ndi kutentha nkhokwe. Aliyense wochokela kutsidya ankakwezedwa lole kupita ku msasa wa othawa nkhondo, kutali, ndipo wosunga munthu wotele ankayesedwa mnzawo wa zigawenga.

Ine ndinasunga. Apongozi anga, amake a mkazi wanga, anafika wapansi kuchokela kutsidya, mapazi atang'ambika. Anati lole sakwela, bola afele pafupi ndi mwana wawo. Tinawabisa m'khumbi la kudimba. Mkazi wanga anali ndi pathupi pakulu, choncho chakudya ndinkapeleka ndine. Koma kwathu mkamwini ndi apongozi saonana maso; ngakhale za ukwati wanga tinakambilana mpanda uli pakati. Ndiye ndinkaika mbale pa chitsa, kuomba m'manja, kutembenuka n'kumapita. Wina anaona. Mpaka lelo sindimudziwa, ngakhale anthu a mudzi uja ndinawayeza mumtima mmodzimmodzi.

Anandipititsa ku linga lakale la azungu, pakati pa dambo lopanda mtengo, loti ngakhale mbuzi ikamabwela aione ikadali kutali. Makoma anali a njelwa, okhala ndi timabowo ta mfuti. Akuluakulu ankati pa nkhondo ya azungu okhaokha ankatsekelamo adani awo. Tsopano munali asilikali athu omwe, ndipo adani tinali ife.

Mkulu wawo anali munthu wa mawu ofatsa, ndipo zimenezo n'zimene zinkandiopsa.

"Kudimba kwako tapeza phulusa lokha. Mbale ija amatenga ndani?"

"Munthu wanjala, bwana."

"Nkhope yake njotani?"

"Sindinaione."

"Umadyetsa munthu osamuona nkhope? Ukundiyesa mwana?"

Sindinaname. Koma ndikanangoti ndi apongozi, akanakapanikiza mkazi wanga, ndi mimba yake ija, mpaka awaonetse bango limene apongoziwo anathawilamo. Ndinatseka pakamwa. Ananditengela kuseli kwa thanki ya madzi. Za kumeneko sindilemba zambili. Khutu lakumanzele silimva mpaka pano, ndipo ndinazolowela.

M'chipinda chathu tinalimo ambili, koma palibe ankauza mnzake mlandu wake. Munali bambo wina wa ku Nyimba, wokoma m'kamwa, fodya samusowa. Ine mumtima ndinkati, fodya kundende amachokela kuti? Akandipukuta magazi ankanong'ona, "Bambo mnzanga, ndiuzeni ine, mtima upepuke." Ndinkamuyankha za mbewa ndi za thonje langa. Mmawa wina anamutulutsa ndipo sanabwelenso. Ena anati wapita kukalandila mphotho, ena anati wapita kuseli kwa thanki. Mwina anali munthu wabwino chabe. Malo aja amakuphunzitsa kukayikila ngakhale wokupatsa madzi.

Mvula yoyamba itagwa, anandiitana masana. Nditalowa kwa mkulu uja, maso anga anagwela pa mapazi ong'ambika ndi chitenje chimene ndinagula ndekha ku Petauke. Thupi linachita lokha. Ndinagwada, nkhope kukhoma, n'kuomba m'manja. Kumbuyo kwanga m'manja munayankha.

"Tembenuka, umuzindikile!" anatelo mkuluyo.

"Sindingathe, bwana."

Pamenepo ndinamva mawu a apongozi, osanjenjemela ngakhale pang'ono. "Musiyeni mwana wa eni ake. Mbale ija ndinkadya ndine. Ndabwela ndi miyendo yanga. Lole yanu ili kuti?"

Msilikali wamtali uja, amene ankalankhula ngati wa ku Nyalugwe, dela loyandikana ndi kwathu, anakhosomola. "Bwana, ndi apongozi ake awa. Ngakhale mumuphe satembenuka." Palibe anaseka. Kenaka mkuluyo anati, "Miyezi yonseyi chifukwa cha nkhalamba? Pita. Ndipo kuno sunafikeko."

Ndinene zoona, ndinapsa mtima. Ha! Ndataya khutu kuti asakwele lole ija, iwo n'kudzipeleka okha? Ndili chigwadile, mapazi aja anadutsa pambali panga n'kuima pang'ono.

"Mwana ndi wamwamuna," anatelo chapansipansi. "Pitani mukamuone, asakule osadziwa atate ake."

Ndinamva lole ikulila panja ndikadayang'ana khoma. Apongozi anamwalila ku msasa kuja nkhondo isanathe, ndipo anaikidwa ndi alendo.

Kumudzi anthu anabwela kudzandilonjela, ine ndikuwayang'ana m'maso kufuna amene aphethile. Anaphethila onse. Ufulu ndinaupeza wotelo: chitseko n'chotsegula, koma ukamamwa thobwa la mnzako umayamba wafunsa mumtima chimene akufuna. Linga lija linagumuka, lelo ana amadyetselamo mbuzi, koma ndikamadutsa pa njinga ndimapalasabe mwamsanga.

Mkulu uja anandifunsa kambilimbili ngati ndinaona nkhope ya munthu ndinkamudyetsayo, ndipo yankho langa silinasinthe mpaka lelo. Tsiku lija ndikanatembenuka kamodzi kokha, ndikhulupilila mwambo ukanandikhululukila. Mwana wanga akandifunsa kuti agogo ake ankaoneka bwanji, ndimamuuza za mapazi.