Opaleshoni Imene a Njobvu Anasankha

A Febian Njobvu anakalambila pa njinga. Zaka makumi atatu anatuta nthochi kuchoka kumadimba kupita nazo pamsewu pa Nyimba, ndipo munthu wodzilemekeza ngati iwo anali wosowa. Ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo, malaya sanali kuvula. Akazi awo atamwalila, anatsala ndi mwana mmodzi yekha, Olipa.

Ndiye mkodzo unayamba kuvuta. Anabisa chaka chathunthu, mpaka tsiku limene unatsekelatu, Olipa n'kuwathamangitsila kuchipatala pa ngolo. Kumeneko anawaika kapaipi ndi kathumba ka mkodzo.

Dokotala anafotokoza Olipa ali pomwepo. "Bambo, kachiwalo kena katupa, katseka njila ya mkodzo. Maopaleshoni alipo awili. Yoyamba tikung'ambani pansi pa mchombo, pompano, sabata ikubwelayi. Koma mudzagona masiku ambili, ndipo pafunika wachibale wokusambitsani ndi kukutembenuzani. Ina ili ku Lusaka. Amalowetsa kachitsulo m'njila ya mkodzo n'kupala chotupacho. Bala palibe, masiku atatu mwadzuka nokha, koma mzele wake ndi miyezi isanu ndi itatu. Ine ndikuti yapompano, chifukwa chatupa kwambili."

"Atate, tichite yapompano. Ine ndilipo," anatelo Olipa.

A Njobvu anayang'ana pansi. "Mwana wamkazi aone thupi la atate wake? Ndilembeni ku Lusaka."

Olipa anachondelela mpaka malovu kuuma. Anatuma akuluakulu a mpingo, anakafika ku Nyampande kukafuna mwana wamwamuna wa mlongo wawo, n'kupeza kuti anapita kumigodi kalekale. Aa, koma kuuma mutu kwa mdala ameneyu! Anangoti adikila.

Mwezi wachisanu thupi linatentha, miyendo n'kutupa. Kuchipatala anati matenda afika mu impso, opaleshoni iliyonse siingathekenso. Mphamvu analibe ngakhale yonyamula kapu. Olipa anatenga beseni ndi kansalu, n'kukoka katani kuti awasambitse.

Atate ake anatsinzina zolimba, nkhope n'kutembenuzila kukhoma. "Zikomo, anesi," anatelo.

Olipa anayesa kuti kutentha thupi kwawasokoneza mutu. Koma ayi, anzawo a mpingo atabwela, anawatchula maina mmodzimmodzi osaphonya. Pamenepo anamvetsa kuti atate ake angapilile manyazi pokhapokha iye atakhala mlendo. Tsiku lotsatila anameza misozi n'kuyankha ngati nesi weniweni: "Tembenukani pang'ono, bambo."

Masiku khumi ndi limodzi anawasambitsa, anawamwetsa phala, anawakhuthulila kathumba. Mtima unali kumupweteka koopsa. Anali kungolakalaka amutchule dzina kamodzi kokha. M'mawa wotsiliza, mpweya ukuwachepela, Olipa anawagwila dzanja.

"Atate, ndine Olipa."

Maso sanatsegule. "Anesi," ananong'ona, "mukamuuze mwana wanga kuti anthu a pano anandisamala bwino. Asadandaule."