Nyali Nambala 318 Sinabwerere

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipezera kumphakati wa tchalitchi chathu. Nditamaliza giredi 12 ndinakhala zaka zitatu ndikugulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika wa ku Chimwemwe. Tsiku lina titamaliza kolona, mayi wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti kumgodi kumene amuna ake amagwira akufuna munthu wa m'chipinda cha nyali. Atate, amene anagwira pansi zaka zambiri n'kutulukako ndi chifuwa cha fumbi, anangofunsa kuti, "Ndi pamwamba kapena pansi?" Nditati pamwamba, anati, "Basi, pita."

Chipinda cha nyali chili pakati pa nyumba yosinthira zovala ndi shafuti, dzenje lotsikira mumgodi, ndipo aliyense wotsika pansi amadutsa m'menemo. Muli mashelefu achitsulo, malo alionse ndi nambala yake. Pa nambala iliyonse pamakhala nyali ya pachisoti ndi batire lake, komanso kachitini kopumira kamene munthu amamanga m'chiuno kuti kamupulumutse mpweya ukaipa. Ine ndinkapukuta magalasi, kuyang'ana zingwe ngati zasupuka, kuika mabatire pa chaja, ndi kulemba amene watenga ndi amene wabweza.

Koma ntchito yeniyeni inkabwera pa 15 awazi, kutanthauza 3 koloko masana. Shifiti ya masana ikatuluka, amaphulitsa miyala pansi. Asanadinde batani, malo awiri ayenera kugwirizana kuti pansi sipanatsale munthu. Oyamba ndi bolodi la pashafuti, pamene aliyense amasuntha kachitsulo ka nambala yake akatuluka mu keji, chikepe chotsitsa ndi kukweza anthu. Achiwiri ndife: nyali zonse zikabwerera, timasayina pepala, kenako n'kuimbira a ku kontrolo.

Anandiphunzitsa ndi a Chirwa, mkulu wa mpingo wa ku Bulangililo, amene makolo ake anachokera ku Malawi. Sankalankhula zambiri. Sabata yoyamba anangoti, "Mwana wanga, kachitsulo ka pabolodi aliyense angakasunthe. Nyali imabwera ndi mwini wake."

Mwezi wachitatu, ndidakali pa kuyesedwa, a Chirwa anapita kumaliro ku Ndola n'kundisiya ndekha. Linali Lachinayi, kukutentha ngati mvula ili pafupi. Anthu anatuluka, nsapato zodzaza matope, akukankhana ndi kuseka. Phokoso litatha ndinayenda shelefu ndi shelefu. Timagetsi ta chaja tinali titayaka ponse, kupatula malo amodzi. Pa 318 panalibe nyali, panalibenso kachitini.

Ndinayang'ana m'buku. Anali a Sakala, okonza mapaipi a madzi.

Foni ya pakhoma inalira. A ku kontrolo anati bolodi la pashafuti layera, akungodikira ine. Ndinati andipatse mphindi zisanu. Ndinasuzumira pansi pa mashelefu, m'bokosi la nyali zowonongeka, ngakhale kuseri kwa chitseko. Palibe.

Ba Mulenga, shifiti bosi, analowa chisoti chili m'manja. Anali munthu wamkulu thupi, wa mawu amabingu, ndipo anthu ankamulemekeza chifukwa anagwira pansi kuyambira ine ndisanabadwe.

"Iwe mukashana, vuto n'chiyani?" anatero, akunditchula mtsikana m'Chibemba.

"Nyali ya a Sakala sinabwere, bwana."

Anaseka. "Sakala? Kawiri konse wapita nayo kunyumba. Funsa aliyense. Kachitsulo kake kali pamwamba, ndakaona ndi maso angawa. Sayina."

Sankanama. Ngakhale ine ndinali nditamva nkhani yoti a Sakala anakwerapo minibasi ya ku Riverside nyali ili pachisoti. Ndinkadziwanso kuti nthawi yophulitsa ikadutsa, shifiti yotsatira ipeza palibe miyala yonyamula, ndipo mabwana adzafunsa kuti analetsa ndani. Yankho likanakhala mtsikana wa salaula amene sanathe n'komwe miyezi itatu.

Anandiikira pepala patebulo, n'kundipatsa bolopeni yakeyo. Ndinailandira. Zimenezi sindibisa: nsonga yake inakhudza pepala, ndipo kadontho ka inki kanatsalapo. Mumtima ndinayamba Tikuoneni Maria, koma mawu anandithawa pakati, ndinangotsala ndi "Ambuye, Ambuye."

"Bwana, sindisayina."

"Wati chiyani?"

"Ndikaona nyali, kapena ndikamva mawu awo, ndisayina."

Foni ya pakhoma inaliranso. Ba Mulenga anaiyankha okha, n'kunena m'Chibemba kuti pali kamwana kofuna kuphunzitsa akuluakulu ntchito. Pakhomo panali patadzaza anthu amene anali atasamba kale. Wina anati, "Mayo, mawa ubwerera kumsika."

Ndinatsegula buku la manambala a foni n'kuimbira a Sakala. Inalira mpaka kuduka. Ndinaimbanso. Kenako ndinakumbuka kuti foni sizitsika pansi, aliyense amasiya yake m'lokala. Mkazi saloledwa m'nyumba yosinthira ya amuna, choncho ndinapempha mlonda wa pageti kuti akaime pafupi ndi lokala ya a Sakala. Ndinaimba kachitatu.

Mlonda uja anabwera akuthamanga. "Ikulira mkati. Loko ndi yotseka, ndipo nsapato zawo zoyendera zili pansi pa benchi."

Ba Mulenga anandiyang'ana, n'kuyang'ana pepala. Anatenga foni nati, "Musakhudze batani. Ndati musakhudze. Tsitsani keji." Anavala chisoti, natenga amuna anayi ndi machira, n'kutuluka.

Sindinakhalepo ndi nthawi yaitali ngati imeneyo. Wotchi ya pakhoma inafika 16 awazi n'kupitirira. Palibe amene anapita kwawo. Mkulu wina wa ndevu zoyera anakhala pabenchi nati, "Pansi paja aliyense ali ndi tsiku lake. Ngati la Sakala lakwana, lakwana." Ena anavomera. Ine ndinali nditatsamira shelefu, ndikuopa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti awapeza atafa, komanso, ndichite manyazi kunena, kuti sawapeza n'komwe ndipo ine ndidzakhala choseketsa cha mgodi wonse.

Belu la keji linalira cha m'ma 17 awazi. Anatuluka ndi a Sakala pamachira, nkhope yotuwa ndi fumbi, mwendo womangidwa ndi matabwa awiri. Anali moyo. Nyali yawo inali ikuyakabe pachisoti.

Zinadziwika kuti pobwerera kushafuti anakumbukira valavu ya madzi imene sanatseke, n'kubwerera okha osauza munthu. Mwala unagumuka kudenga n'kuwapanikiza mwendo, pafupi kwambiri ndi pamene anali atatchera zophulitsira. Mnzawo, poganiza kuti anakwera keji yoyamba n'kuiwala monga mwa masiku onse, anawasunthira kachitsulo kuti asadzudzulidwe.

Panalibe amene anandiimbira m'manja. Ndinaitanidwa kuofesi katatu kukafotokoza zomwezomwezo, ndipo Ba Mulenga anatha masabata awiri akundidutsa ngati mtengo. Kenako m'mawa wina, potenga nyali yawo, anandipatsa moni m'Chibemba nati, "Mwashibukeni, ba Phiri." Aka kanali koyamba kunditchula dzina. A Sakala sanatsikenso pansi. Amayenda chotsimphina, ndipo anawapatsa ntchito kusitolo ya zipangizo.

Pamgodi ponse nkhani inali imodzi: silinali tsiku lawo. Akazi awo anapereka Misa yothokoza, ine ndinapitako ndipo ndinaimba nawo ndi mtima wonse, chifukwa ndikudziwa kuti mphamvu yokana ija sinali yanga ndekha. Koma Lachinayi lija nditafika kunyumba n'kufotokozera atate, anapuma kaye movutikira. Kenako anati, "Ife tinaika anzathu ambiri m'manda tikunena kuti ndi tsiku lawo. Mwina ena silinali tsiku lawo. Mwina panangosowa wokana."

Tsopano ndine amene ndimaphunzitsa atsopano m'chipinda chomwecho. Sinditsutsana ndi munthu za tsiku lolembedwa, pakuti buku limenelo sindinalionepo, ndipo mwini wake sandifunsa. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pepala limene lili patebulo langa ndi lokhalo limene ndinapatsidwa kuti ndiyankhepo. Ndimapemphera m'mawa uliwonse kuti onse atuluke. Madzulo, wina akasowa, sindisayina.