Keziya, Wowerengera a NyaMhango

Keziya anabadwira ku Luchenza, ndipo kusukulu ankadziwika ndi chinthu chimodzi: kuwerenga Chingerezi mokweza. Aphunzitsi akafuna kuti kalasi imve mmene ndime iyenera kumvekera, ankaloza iye. Ankaimirira, buku m'manja, mawu n'kumatuluka osapunthwa ngati a woulutsa nkhani pa wailesi. Koma mayeso akafika, pofunika kuyankha mafunso a ndime yomweyo, cholembera chinkangoima. Ankasakasaka mawu a m'funso m'kati mwa ndime, akawapeza n'kukopera mzere wonsewo. Nthawi zina ankalasa, nthawi zambiri ayi. Sitandade eyiti anabwereza, osasankhidwa, n'kusiyira pomwepo. Palibe amene anafunsa chimene chinavuta, poti aliyense ankadziwa kuti mwanayo Chingerezi amachitha.

Anakwatiwa ndi Paison, mnyamata wowotcherera zitsulo, ndipo mwana wawo Luso atayamba kukwawa, ntchito inawaitanira ku Mzuzu. Anapeza nyumba ku Salisbury Lines, kumunsi kufupi ndi dambo. Chaka choyamba Keziya sanaukonde mzindawo. Chiperoni cha kwawo chinkabwera n'kupita, koma cha kuno chinkakhala ngati mlendo woiwala njira yobwerera. Matewera sankauma. Pampopi amayi ankacheza m'Chitumbuka, iye n'kumangomwetulira, mpaka anagwira "monire" wa moni ndi "yewo" wa zikomo n'kuyamba kuyendera zomwezo.

Luso atayamba sukulu, Keziya anapeza ntchito yochapa ndi kukonza m'nyumba ku Katoto. Mwini nyumbayo anali mayi Marjorie Mhango, amene aliyense ankawatchula kuti a NyaMhango. Anali namwino wopuma pa ntchito, wamasiye, ndipo maso awo onse awiri anali atachita ng'ala. Ankaona kuti pakhomo paima munthu, koma nkhope ayi. Fumbi ankalifufuza ndi chala, ndipo akalipeza sankabisa mawu.

Tsiku lina Keziya akupukuta mawindo ndi nyuzipepala yakale, maso ake anagwera pa ndime ina, pakamwa n'kuyamba pokha monga kale kusukulu.

"Kasi wayatsa wailesi ndani?" anafunsa a NyaMhango ali pabalaza.

"Ndine, amama. Ndimangowerenga pepalali."

"Iwe? Bwera kuno. Werenganso."

Anawerenga. Mayiwo anawomba m'manja kamodzi. "Chingerezi chabwino chomene! Ndiye ine ndakhala ndi njala ya nyuzi chikhalirecho, wowerenga ali m'nyumba mwanga momwe?"

Kuyambira pamenepo, ntchito ikatha masana, ankakhala pakhonde ndi tiyi. Mphunzitsi wina woyandikana nawo ankawapatsira nyuzipepala akamaliza kuwerenga, ndipo Keziya ankaiyamba patsamba loyamba. A NyaMhango ankatseka maso, apa n'kuseka, apa n'kutsonya, apa n'kukangana ndi nduna imene sinalipo. Keziya ankadikira kuti amalize, n'kupitiriza. Nthawi imeneyo ankaikonda, chifukwa ndi pokhapo pamene munthu ankamuyamikira mumzinda wonsewo.

Zinayenda choncho mpaka nyengo yozizira. Masana ena anafika pa masamba a kumapeto, a zidziwitso. Panali chithunzi cha mayi wovala duku, chozunguliridwa ndi maluwa. Keziya anawerenga dzina, Annie Kumwenda, n'kupitiriza ndi mawu ake owala aja: "passed away peacefully after a short illness." Atamaliza analumphira pa chidziwitso chotsatira, cha malo ogulitsa.

"Ima," anatero a NyaMhango. "Bwerera. Dzina lija."

Anawerenganso chimodzimodzi, mosadodoma. Atadzutsa mutu anaona misozi ikutsikira m'masaya mwa mayiwo.

"Amama, mwatani? Maso akuwawa?"

Mayiwo anaika kapu pansi.

"Keziya, mwana wane, wawerenga chiyani pamenepa?"

Keziya anayang'ana pepala lija. Mawu onse anali pomwepo, ndipo aliwonse akanatha kuwatchula bwinobwino.

"Ndimayesa ndi za phwando, amama. Poti pali maluwa."

"Annie wamwalira. Tinaphunzira limodzi unamwino, tinkagona chipinda chimodzi." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye masiku onsewa sumamva zimene umandiwerengera?"

"Mawu amodziamodzi ndimamva. Koma akalumikizana amandithawa."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire kusukulu."

Mawa lake a NyaMhango anapita kumaliro ku Rumphi ndi abale awo. Keziya anatsala akusamala nyumba. Ankaganiza kuti akabwera adzamubweza ku mawindo ndi beseni basi, ndipo ankaona kuti n'zomuyenera.

Atabwera anagona tsiku lathunthu. Tsiku linalo masana anaitana tiyi pakhonde monga mwa masiku onse. Keziya anabwera ndi nyuzipepala, koma mayiwo anaikankhira pambali.

"Iyi tiisiye dankha," anatero, kutanthauza kuti aisiye kaye. "Katenge juzi yanga yobiriwira ija."

Anakaitenga.

"Usanayang'ane kalikonse, ndiuze. Juzi ngati iyi umaichapa bwanji?"

Limenelo silinali funso lovuta. Keziya anafotokoza kuti amachapa ndi manja m'madzi ozizira, kuti saipotokola pofinya chifukwa imatayika thupi, ndiponso kuti saiyanika pachingwe koma amaigoneka pamphasa, apo ayi manja ake amatalika.

"Yewo. Tsopano pakhosi pake pali kansalu kolembedwa. Werenga pang'onopang'ono."

"Hand wash only. Do not wring. Dry flat."

"Mwa zimene wandiuza zija, wring ndi iti?"

Keziya anaganiza. Kuchapa ndi manja kunali kutatchulidwa kale, kuyanika kunali kumapeto. Chotsala pakati chinali chimodzi.

"Kupotokola?"

"Basi. Nanga flat?"

"Kuigoneka."

Anakhala akuyang'ana kansaluko. Juziyo anali ataichapa kambirimbiri, kansalu komweko kakumukwapula pa chala, osadziwa kuti kakunena zimene manja ake ankachita kale.

Sukulu yawo inayamba choncho, ndipo mabuku ake anali m'khitchini ndi m'bafa. Paketi ya sopo waufa, kachikwama ka mbewu ya repu, botolo la mankhwala a chifuwa, chitini cha polishi wapansi. Kachitidwe kanali kamodzi. Poyamba Keziya ankanena zimene akudziwa kale za chinthucho. Kenaka ankawerenga, n'kutembenuza chinthucho kuti zolemba ziyang'ane kumbali, n'kufotokoza m'Chichewa. Pomaliza pankabwera funso limene a NyaMhango sankaliiwala: "Ndiye uchita chiyani?" Ngati yankho linali lakuti sakudziwa, ankabwerezanso.

Sikuti masiku onse ankayenda bwino. A NyaMhango sanali mphunzitsi woleza mtima. Ankaiwala kuti mawu amene iwo anawazolowera m'chipatala ndi achilendo kwa munthu wina, ndipo ankatha kukalipa ngati akukalipira namwino wophunzira. Tsiku lina Keziya anaika botolo patebulo n'kupita kukachapa makatani amene anali oyera kale. Mayiwo sanapepese. Anangoti tiyi wa mawa lake akhale ndi mkaka wambiri, ndipo anamusungira chigumu chachikulu.

Tsiku lokumbukira kubadwa kwa Luso litayandikira, anaganiza zophika keke potsatira malangizo a kuseri kwa paketi ya fulawa. Pa "beat the eggs" Keziya anangomwetulira, poti anazindikira yekha kuti mazira samenyedwa ndi ndodo. Koma atafika pa "fold in the flour" anaima, mbale m'manja.

"Amama, apa akuti ndipinde fulawa. Ndimupinda bwanji? Si nsalu."

A NyaMhango anaseka mpaka kutsokomola. Atapeza mpweya anapempha supuni, n'kugwira dzanja la Keziya, n'kumalitembenuza pang'onopang'ono kuchokera pansi pa mbale kubwera pamwamba.

"Ukuona? Ngati ukufunditsa mwana wogona. Osati kutakasa."

Keke ili m'kati, magetsi anathima. Inatuluka yophwa pakati, ndipo anaidya ndi supuni, Luso n'kunena kuti ndi yokoma kuposa ya m'sitolo.

Chimene chinamudabwitsa Keziya n'chakuti kuwerenga kwake kunayamba kuipa. Mawu a pa wailesi aja anatha. Tsopano ankaima pakati pa chiganizo, kubwerera m'mbuyo, kung'ung'udza yekha. Anadandaula kwa a NyaMhango kuti akubwerera m'mbuyo.

"Ukuwerenga moipa chomene," anavomereza mayiwo. "Pitiriza choncho."

Mvula itayambanso anabwerera ku nyuzipepala, koma ankasankha tinkhani tating'ono ta zinthu zozidziwa: msewu wokumbika, mpira, msika. Masana ena Keziya anaphulika kuseka asanamalize ndime.

"Chavuta n'chiyani? Werenga timve tonse!"

"Dikirani, amama." Anapukuta misozi. "Akuti mbuzi inalowa m'kalasi ana akulemba mayeso, n'kudya pepala la mtsikana wina. Ndiye akulu akukangana ngati mwanayo alembenso kapena ayi."

Anali atafotokoza nkhani yonse osayang'ana pepala. A NyaMhango anangofunsa kuti mbuziyo inali ya ndani.

Chaka chotsatira mwana wawo Rodney anabwera kuchokera ku Lilongwe n'kuwatengera kuchipatala kukachotsa ng'ala. Atachira diso loyamba, anamuyang'ana Keziya kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndimayesa ndiwe munthu wamkulu thupi. Mawu onse aja amachokera m'kathupi aka?"

Kenaka anaona ulusi wa akangaude pamwamba pa kabati, pamene chala chawo sichinkafika.

Maso anabwerera, koma miyendo inayamba kufooka, ndipo patapita nthawi Rodney anawatenga kukakhala nawo. Tsiku lonyamuka, Keziya anawathandiza kukwera galimoto. Mayiwo anamugwira dzanja nthawi yaitali. "Ukhale makora, mwana wane," anatero pomutsazika. Amaimbabe foni nthawi zina, makamaka kudandaula za kutentha kwa ku Lilongwe.

Lero Keziya amaphikira ana phala pa sukulu ina ya mkaka ku Chiputula. Akadali ku Salisbury Lines, koma anasamukira kumtunda pang'ono kumene madzi salowa m'nyumba. Chitumbuka amalankhula tsopano, ngakhale anzake amati chimamveka Chilomwe.

Zowerengera limodzi pakhonde pake Loweruka masana zinayamba zokha. Mnansi wake Eness, amene amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, anabwera tsiku lina ndi kapaketi ka mankhwala kuti amuwerengere. Keziya anakana kumuwerengera, n'kumukhazika pampando kuti awerenge limodzi. Sabata yotsatira Eness anabwera ndi Dinah, wogulitsa tomato pamsewu, ndipo tsopano pakhondepo pamakhala amayi angapo, aliyense ndi chimene watola kunyumba kwake.

Loweruka lapitali Eness anabweranso ndi mankhwala ena, poti nkhuku zake ziwiri zinali zitayamba kuwodzera. Anawerenga movutikira mpaka pa "Treat the whole flock," n'kuima.

"Flock ndi vichi?"

"Ndi khola," anatero Dinah. "Akuti uwaze khola lonse."

"Yayi," anatsutsa mayi wina, "ndi thupi la nkhuku. Kuyambira kumutu mpaka kuzipalapaso."

Onse anayang'ana Keziya.

"Inenso sindikulidziwa," anatero. "Tiyeni tione kutsogoloku. Eness, pitiriza."

Eness anatsata ndi chala. "Even birds that look healthy."

"Healthy tikulidziwa," anatero Keziya. "Ndi zathanzi. Ndiye akuti ngakhale zooneka zabwinobwino. Zooneka zabwinobwino n'chiyani, khola kapena nkhuku?"

"Nkhuku," anayankha Dinah monyinyirika.

"Nkhuku imodzi?"

Eness anagwira pakamwa. "Zonse! Akuti ndimwetse zonse, osati zodwala zokha. Mayo ine, kapaketi kamodzi aka kakwana?"

Ananyamuka pomwepo kuti akapeze ena sitolo isanatsekedwe, akudandaula njira yonse. Enawo anatsalira pang'ono kumaliza za pa botolo la mafuta a tsitsi la Dinah, mpaka mitambo inayamba kuda cha ku mapiri a Kaning'ina, aliyense n'kukumbukira zovala zimene anasiya pachingwe.

Paison anali atabwera kale kuchokera kuntchito, ndipo nthawi yonseyo anali kuseri kwa nyumba akukonza njinga imene sinawonongeke. Amayi atapita anatulukira ndi chitini cha penti chimene anagulira geti la kasitomala.

"Amake Luso, penti uyu akumatuka msanga. Geti lina ndinapaka mwezi watha layamba kale kusupuka. Taonani ngati alembapo kanthu."

Keziya anasuntha pabenchi kuti awapatse malo.

"Khalani apa. Ndiuzeni kaye, inu chitsulo mumachitani musanapake?"

Paison anakhala pansi, chitini pamaondo, n'kuyamba kufotokoza za dzimbiri ndi sandipepa. Mvula inayamba kudontha pamalata, ndipo anakokera benchi m'kati pang'ono.